Chisankho cha m'foni chazilala: tichidzutse, tichitsitsimutse kapena tichiukitse?

Kalata yoyamba sabata ino yachokera kwa mnyamata wina wa ku Linthipe m'boma la Dedza. Iye ndi anzake ali ndi gulu la pa WhatsApp momwe amachita masewera a chisankho. Amapanga zipani za maina opeka, amalemba mfundo zokopera anthu, amatsutsana, ndipo mwezi ukamatha amaponya voti kusankha pulezidenti wa dziko lawo la m'foni. Akuti masewerawa anatentha kwambiri pamene chisankho chenicheni cha pa 16 Sepitembala 2025 chimayandikira, koma lero gulu lonse lili zii. Akufunsa kuti: "Ndikufuna kulemba uthenga woitana anthu kuti abwerere. Kodi ndinene kuti tidzutse masewera athu, tiwatsitsimutse, kapena tiwaukitse?"

Achimwene, mawu atatu onsewa ndi Chichewa chabwino, koma liwu lililonse limaloza nthenda yakeyake. Timadzutsa amene wagona. Munthuyo ali bwinobwino, mphamvu ali nazo, wangotengedwa ndi tulo. Mukalemba kuti "tiyeni tidzutse masewera athu", mukuuza anzanu kuti palibe chinaonongeka, munangopumula. Chenjerani pang'ono, chifukwa liwu lomweli ndi limene timanenera "kudzutsa mlandu" kapena "kudzutsa nkhani zakale". Ngati gulu lanu linazilala chifukwa cha mkangano, ena adzalimva choncho.

Kutsitsimutsa n'kwa munthu amene wakomoka, kapena chimanga chimene chafota ndi dzuwa la ng'amba ndipo mvula yabwera kudzachiwolotsa. Moyo ulipo koma watsala pang'ono. N'chifukwa chake mipingo imachititsa misonkhano ya chitsitsimutso: Akhristu alipo, amabwera ndithu Lamulungu, koma mitima yafooka. Pa mawu atatu mwanditumizirawa, ili ndilo likukwana pa vuto lanu. Kuukitsa ndiye musakuyese. Timaukitsa wakufa, ndipo liwuli limanunkhira kuguwa. Mukalilemba mwavomereza nokha kuti masewera anamwalira, maliro anaikidwa, ndipo palibe amene amathamangira kukasewera kumanda.

Koma ndikadakhala ine, ndikadasiya onse atatuwo n'kupita kumoto. Inu ndinu a ku Dedza, kumene mwezi wa Juni suseweretsa munthu, ndiye mukudziwa kusiyana kwa kukoleza ndi kusonkheza. Timakoleza moto umene kunalibe. Timasonkheza moto umene ulipo kale koma zikuni zapsa n'kutalikirana, ndipo ntchito yake n'kungozikankhira pakati kuti zikhudzane. Anthu anu sanachoke m'gulu, angotalikirana. "Tiyeni tisonkheze moto" ndi chiganizo chimene agogo angachimve, mwana wa Fomu 2 angachimvenso. Musalembe kuti "tipemerere", poti pa ndale wopemerera ndi uja amakulitsa mkangano wa anzake.

Funso lachiwiri lachokera kwa mayi wina, mphunzitsi wa sekondale ku Ntcheu, amene amachititsa masewera onga omwewa ndi ophunzira ake a kalabu ya mtsutso. Akuti analemba kuti "tikupempha aliyense kutenga nawo mbali", ndipo mphunzitsi mnzawo wawauza kuti chimenecho si Chichewa. Akufuna ndiweruze.

Aphunzitsi, mnzanuyo ali ndi mfundo, ngakhale waikulitsa. Mawu akuti "kutenga nawo mbali", pamodzi ndi mbale wake "kutengapo gawo", anabwera kudzera m'kumasulira zikalata za Chingerezi, ndipo wailesi ndi mabungwe anawafalitsa mpaka anakhazikika. Lero palibe Mmalawi amene angakufunseni tanthauzo lake, choncho ine sindingawathire inki yofiira pa pepala la mayeso. Vuto langa ndi lina. Mawuwa ndi ozizira, ndipo sauza munthu chimene mukufuna kuti achite. Kumudzi sitiitana munthu kuti adzatenge nawo mbali pa gule. Timati "dzavineni nawo". Pa maliro timati "dzatithandizeni kukumba". Chichewa chimatchula ntchito yeniyeniyo n'kuwonjezera kaliwu kakuti "nawo", basi. Ndiye kwa ana anuwo nenani kuti "dzasewereni nawo", "dzavoteni", "amene akufuna mpando aime". Mwana amene wauzidwa kuti aime amadziwa kuti mawa akufunika kubwera ndi mfundo zake. Amene wauzidwa kuti atenge nawo mbali angathe kungotumiza kachithunzi ka chala chachikulu n'kumaona ngati watha ntchito.

Palinso kamsampha. Pa nkhani ya chisankho, liwu lakuti "mbali" limatanthauzanso chipani kapena gulu limene munthu akulikonda, monga tikamati "iwe uli mbali iti?". Mukalemba kuti "oyendetsa chisankho atenge mbali", mwaiwala "nawo", mwawalamula kuti akondere.

Mnyamata wa ku Linthipe uja anafunsanso za mpikisano. Akuti miyezi itatu yotsatizana munthu mmodzi yemweyo ndiye wakhala akupambana chifukwa palibe wina akuima, ndipo akufuna kudziwa ngati angalembe kuti "mpikisano wachepa".

Taonani kaye mmene liwuli linamangidwira. M'kati mwa "kupikisana" muli kachidutswa kakuti -an-, komwe kalinso mu "kukondana", "kumenyana" ndi "kuonana". Ntchito yake n'kusonyeza kuti anthu awiri kapena oposerapo akuchitirana chinthu. Munthu sapikisana yekha monga momwe saonana yekha. Choncho ngati woima ndi mmodzi, mpikisano sunachepe, kulibe. Nenani kuti "wadutsa popanda wopikisana naye". Atolankhani amakonda kunena kuti "wadutsa moyera", koma zimenezo zimanenedwanso kwa munthu amene anali nawo opikisana nawo, kungoti anawasiya kutali.

Mawu atatu amasokonezedwa apa, ndipo pa gulu la achinyamata kusokonezako kungayambitse ndewu. Kupikisana n'kuyesana mphamvu potsata malamulo amene nonse mwagwirizana. Kulimbirana n'kukanganirana chinthu chimodzi chosakwanira, monga amachitira ogulitsa kachewere pa Lizulu kapena pa Tsangano basi ikaima. Kulimbana ndiye pali udani kale. Uthenga wanu uitane anthu kudzapikisana. "Kulimbirana mpando" mungakunene monyogodola, koma musakuike m'malamulo a masewera.

Pano ndilowerere pang'ono zosandikhudza, poti ine ntchito yanga ndi mawu. Mwandiuza kuti mumavota pogwiritsa ntchito kabokosi ka mavoti ka pa WhatsApp. Kabokosi kameneko kamaonetsa aliyense m'gulu kuti uje wavotera uje. Ndani angaime kupikisana ndi adimini, kapena kuvotera wina, pamene adiminiyo akuona? Mwina anthu sanatope ndi masewera, anatopa ndi kuonedwa. Ganizirani njira yoti voti ikhale yachinsinsi. Mungabwerekenso lamulo limene dziko lathu linayamba kutsatira khoti litathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019 pa 3 Febuluwale 2020, loti wopambana apeze mavoti oposa theka. Pa chisankho cha 2019 chija wolengezedwa kuti wapambana anali ndi mavoti osakwana 39 pa 100 alionse. Lamulo la kuposa theka limakakamiza zipani kukambirana ndi kupanga migwirizano, ndipo pa masewera zimenezo ndizo zimakoma, chifukwa ngakhale kachipani ka anthu anayi kamakhala ndi pogulitsira. Lende limakoma n'kukankhana.

Aphunzitsi a ku Ntcheu anali ndi funso linanso: masewerawa awatche "chisankho chabodza" kapena chiyani? Ayi, chabodza ayi. Kwa Mmalawi amene anaona mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi Tippex, chisankho chabodza ndi chija chaberedwa. Chanucho ndi "chisankho chongoyerekeza" kapena "chongoyeserera". Choyambacho chikutsindika zoti mukutsanzira chenicheni, chachiwiricho zoti ana akukonzekera tsiku limene adzavote zenizeni akadzakwanitsa zaka 18. Polemba samalani zilembo: kuyerekeza ndi kwina, kuyerekedwa ndi kwina. Woyerekedwa ndi wodzimva, ndipo ndinalandirapo chikalata choitanira anthu ku "chisankho choyerekedwa", ndinaseka mpaka misozi.

Ine liwu limene ndimalikonda pa zonsezi ndi "masanje". Tisanakhale ndi mafoni, ana ankamanga timisasa kuseri kwa mudzi nthawi yokolola itatha, wina n'kukhala bambo, wina mayi, wina mfumu, wina fisi wodzaba ndiwo. Ankaphika nsima yeniyeni m'timiphika, n'kumaweruzana milandu motsanzira akuluakulu. Aliyense ankadziwa kuti ndi masewera, koma palibe ankachita mwachibwana, ndipo mfumu ya kumasanje ikagamula, chigamulo chinkamveka. "Masanje a ndale" ndi dzina limene likunena ndendende zimene ana anu akuchita. Dziwani chabe kuti akuluakulu akamati "amenewa ndi masanje" amakhala akunyoza chinthu chosalongosoka, ndiye dzinali limakoma mukadzipatsa nokha, osati wina akakupatsani.

Wowerenga wina wa ku Mtakataka wangofunsa mwachidule: chisankho, zisankho kapena masankho? Chimodzi ndi chisankho, zambiri ndi zisankho, monga chipani ndi zipani. "Masankho" mudzawamva kwambiri kwa anzathu a ku Zambia, ndipo ena kuno amatero, koma polemba ine ndimatsata zisankho. Chofunika n'chakuti mukasankha limodzi, mawu otsatira agwirizane nalo: chisankho chathu chatha, zisankho zathu zatha, masankho athu atha. Tsiku limodzi lovotera pulezidenti, aphungu ndi makhansala, monga zinayambira mu 2014, timati chisankho chapatatu. Chobwereza chifukwa choyamba chathetsedwa, monga cha pa 23 Juni 2020, ndi chisankho chachibwereza. Chodzaza mpando umene watsala wopanda munthu ndi chisankho chapadera, ndipo cha m'kati mwa chipani chopezera woimira chipanicho ndi chisankho cha chipulula.

Chomalizachi, achimwene a ku Linthipe, mwina ndicho chikusowa pa gulu lanu. Ngati munthu mmodzi wakhala pampando miyezi itatu, lengezani kuti chipani chake chichite chipulula Loweruka likubwerali, ndipo aliyense wa m'chipanicho ali ndi ufulu woima. Uthenga wake ungakhale waufupi chonchi: "Anzanga, moto wathu wazilala, tiyeni tisonkheze. Loweruka kuli chipulula, voti ndi yachinsinsi. Wofuna mpando aime pofika Lachinayi madzulo."