Kodi Thupi Limadzitentha Lokha pa Malungo?

Funso: Ndine mphunzitsi wa kwa Santhe ku Kasungu. Mwana wanga atadwala malungo, adokotala anandiuza kuti kutentha thupi sikuchokera kwa tizilombo tokha, koma thupi ndilo limadzitenthetsa. Ngati zili choncho, bwanji sapereka mankhwala oletsa zimenezi?

Yankho: Aphunzitsi, zomwe anakuuzanizo nzoona. Tizilombo ta malungo tikakhwima m'maselo ofiira a magazi, maselowo amaphulika, ndipo maselo a chitetezo akazindikira zotsalirazo amatulutsa timapuloteni totchedwa ma cytokine, monga TNF, interleukin-1 ndi interleukin-6. Timapuloteniti tili ngati ng'oma yoitana anthu pamudzi pakagwa zoopsa: timaitana maselo ena kuti adzamenye nkhondo, timachititsa kutupa, ndiponso timauza ubongo kuti ukweze kutentha kwa thupi.

TNF inadziwika mu 1975 ku New York, pamene gulu la Lloyd Old linkafufuza za khansa pa mbewa. Koma gawo lomwe lingakusangalatseni linachitikira kuno kwathu. Mu 1989, Georges Grau, Terrie Taylor, Malcolm Molyneux, Jack Wirima ndi anzawo anafalitsa zomwe anapeza pa ana odwala malungo aakulu ku Blantyre, kuti ana omwe anamwalira anali ndi TNF yochuluka m'magazi kuposa omwe anachira. Apa ofufuza ambiri anaganiza monga mwaganizira inumu, kuti kutseka TNF kungapulumutse ana.

Anayesadi zimenezi ku Gambia m'zaka za m'ma 1990, pogwiritsa ntchito mankhwala otseka TNF. Kutentha thupi kunatsika, koma imfa sizinachepe, ndipo ana otsala ndi mavuto a ubongo anali ochulukirapo pakati pa omwe analandira mankhwalawo poyerekeza ndi anzawo. Ngakhale dexamethasone, yemwe amaziziritsa chitetezo chonse, anapezeka ku Thailand mu 1982 kuti amatalikitsa nthawi yomwe wodwala malungo a mu ubongo amakhala chikomokere. Chifukwa chimodzi chomwe kutseka TNF sikunathandizire nchakuti TNF imathandizanso kupha tizilombo, ndipo chimene chimawononga kwambiri ndi maselo ofiira odwala omwe amamatirira m'timitsempha ta ubongo.

Sikuti kafukufuku wa TNF anapita pachabe. Ku London, Ravinder Maini ndi Marc Feldmann anasonyeza kuti kutseka TNF kumachepetsa kutupa kwa mfundo pa nyamakazi ya rheumatoid arthritis, ndipo mankhwala monga infliximab akuthandiza anthu ambiri, ngakhale kuti ndi odula ndiponso amatha kudzutsa chifuwa chachikulu chomwe chinali chitagona m'thupi, zomwe m'dziko ngati lathu si zoyenera kuzinyalanyaza.

Choncho pa malungo, njira yotsimikizika ikadali kupha tizilombo. Mwana akatentha thupi, mupatseni Panado kuti apepukidwe, koma mupite naye kukayezetsa magazi tsiku lomwelo, ndipo akapatsidwa LA amalize yense. Akayamba kukomoka, kulephera kuyamwa kapena kusanza chilichonse, amafunika jakisoni wa artesunate kuchipatala msangamsanga.