Chifuwa kubaya, maso kuchita mdima: kodi ndi mtima?

Mtsikana wina wa zaka 24 wandilembera imelo. Akuti kwa milungu ingapo wakhala akumva kubaya kumanzere kwa chifuwa, ndipo akaimirira mofulumira chizungulire chimamugwira mpaka maso kuchita mdima. Anzake akuti asadandaule, matenda a mtima ndi a anthu okalamba. Iye akufuna kudziwa chomwe chingakhale chikumuvuta.

Achemwali, anzanuwo sakulakwa kwenikweni, komanso musawamvere zonse. N'zoona kuti mwa achinyamata ambiri ululu wa pachifuwa suchokera mumtima. Kawirikawiri umachokera m'minofu, kapena pamene nthiti zimalumikizana ndi fupa lapakati pa chifuwa. Malowo akatupa, mukadinapo ndi chala mumamva ululu womwewo, ndipo umakula mukatembenuka kapena mukakhosomola. Chilungulira nachonso chimawotcha pachifuwa, makamaka munthu akagona atangodya. Nkhawa yadzaoneni imatha kubweretsa zonse ziwiri, ululu wa pachifuwa ndi chizungulire, nthawi imodzi: munthu amapuma mothamanga, mtima n'kumagunda kwambiri, zala ndi milomo kuchita dzanzi, mutu kuzungulira. Ululu wa nkhawa si wongoyerekeza ayi, umapwetekadi.

Koma pa zomwe mwafotokozazi, ine ndikanayamba ndayezetsa magazi. Kuchepa kwa magazi kumavuta atsikana ambiri, makamaka amene amataya magazi ochuluka pa msambo. Magazi akachepa, mtima umagwira ntchito yowirikiza kuti mpweya ufike paliponse m'thupi, n'chifukwa chake munthu amatopa msanga, amapuma befu pokwera kamtunda kochepa, ndipo akadzuka mwadzidzidzi amaona mdima. Tayang'anani pagalasi, mukokere pansi chikope cham'munsi. Ngati mkati mwake muli motuwa m'malo mofiira, chimenecho n'chizindikiro. Malinga ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, mkazi wosayembekezera amene hemoglobin yake (chomwe chimanyamula mpweya m'magazi) ili pansi pa 12 akamuyeza ndiye kuti magazi ake ndi ochepa. Kusamwa madzi okwanira kumatsitsanso BP munthu akaimirira, n'kumuchititsa chizungulire.

Tsono pali zina zomwe sindifuna kuti muzidikirire kunyumba. Ululu kapena chizungulire zikamabwera muli mkati mothamanga, mukusewera mpira kapena kunyamula katundu, kapena ngati munakomokapo, pitani kuchipatala lero lomwe. Pali matenda obadwa nawo ochititsa mnofu wa mtima kukhuthala, omwe amapezeka mwa munthu pafupifupi mmodzi pa 500 alionse, ndipo ena amawazindikira mochedwa. Funsani makolo ngati pamtundu panu alipo amene anamwalira mwadzidzidzi akadali wamng'ono. Mtima ukhozanso kutupa pakapita masiku kuchokera pamene munthu anadwala chimfine, ndipo ngati chatupa n'chikutiro cha mtima, ululu umakula munthu akagona chagada n'kuchepa akakhala tsonga ataweramira kutsogolo. Kwa ena mtima umangoyamba kuthamanga wokha atakhala phee, kufika pa 150 kapena kuposerapo pa mphindi, pomwe munthu wamkulu akapumula umagunda pakati pa 60 ndi 100.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri kwa atsikana ndi magazi oundana amene amakatseka mitsempha ya m'mapapo. Chiopsezo chimakula kwa oyembekezera, amene angobereka kumene, amene akumwa mapiritsi olera okhala ndi mahomoni otchedwa estrogen, ndi amene akhala nthawi yaitali osayenda. Ngati mwendo umodzi watupa n'kumapweteka, kenako mpweya n'kuyamba kuperewera ndipo chifuwa chikubaya mukakoka mpweya, musadikire kuti kuche.

Ngakhale mulibe zizindikiro zoopsazi, milungu ingapo ndi nthawi yokwanira kuti mukaonane ndi dokotala sabata ino. Musanapite, lembani nthawi imene ululu umayamba, zomwe mumakhala mukuchita, ndi mphindi zimene umatenga. Ukayamba, gwirani pamkono muwerenge kugunda kwa mtima kwa mphindi yathunthu. Mukafika, tchulani mankhwala alionse amene mukumwa komanso za msambo wanu, osachita manyazi. Pemphani kuti akuyezeni magazi, BP muli chigonere ndi muli chiimire, ndiponso ECG (kuyeza kagundidwe ka mtima ndi makina) ngati ilipo.