Dzina lanu lili pa khadi, koma akaunti ndi ya amuna anu

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mayi wina wa ku Turffontein, ku Joni kuno ku South Africa. Amuna awo amayendetsa thiraki njira ya ku Lubumbashi ku Congo, ndipo anawatengera khadi lachiwiri pa akaunti yawo ya ngongole. Pakhadipo pachoka R2 800 yosadziwika, mayiwo apita ku banki, awauza kuti abwere eni ake. Akufunsa kuti: nanga ine ndilibe ufulu, pomwe khadi lili ndi dzina langa?

Achemwali, ndatha masiku anayi osakuyankhani chifukwa mwandigunda pachilonda.

Mu 2019 bambo a kunyumba kwathu ananditenga kupita nane ku banki. Iwo anali ndi pemiti ya ntchito ndi malipiro a pamwezi, ine ndinkasoka zovala kunyumba ku Rosettenville, ndalama zanga zinali za m'manja basi. Anandiitanitsa pasipoti ndi pepala losonyeza komwe timakhala, zija amafuna chifukwa cha lamulo la FICA la 2001. Ndinasaina mafomu. Khadi litabwera, dzina langa lili pamenepo, ndinaimbira mayi anga ku Ntcheu kuwauza. Mumtima ndinkati banki yandilandira, pajatu munthu akakufunsa pasipoti n'kukusainitsa umangoti wakulemba m'kaundula wake.

Mu July 2022, kukuzizira kwa ku Joni kuja, bambo anagwa kubafa m'mamawa. Inali sitiroko. Anagona m'chipatala masabata asanu, pakamwa patapotoka, mawu osatuluka, dzanja lamanja litafooka. Ndili m'kati modwazika, tsiku lina ndinalowa m'shopu. M'basiketi munali ufa wa 10kg, mafuta ophikira, sopo ndi matewera a akuluakulu. Mtsikana wa pathilu analowetsa khadi, kamakina kanakana. Analipukuta pamalaya ake n'kuyesanso, kanakananso. Kumbuyo kwanga mzere unali utafika ku mashelefu a buledi. Ndinabweza zonse kupatula matewera, n'kulipira ndi ndalama imene ndinasungira taxi ya kuchipatala.

Foni ya bambo inali m'chikwama mwanga, mameseji a banki akulowa, ndikumva ikunjenjemera, koma inali yokhoma ndi nambala imene sindinkaidziwa. Zaka 11 tili m'banja, nkhani ya nambala ya foni sitinaikambepo, ndipo panalibe chobisa, sitinangoiganizira.

Mawa lake ndinalawirira ku banki. Anandithandiza mnyamata waulemu ndithu. Anayang'ana pa kompyuta, kenako anaitembenuzira kumbali pang'ono kuti ndisaone. Kutembenuza kumeneko sindidzakuiwala. Anati, "Mayi, vuto ndikuliona, koma sindingakuuzeni, inu si eni akaunti." Ndinatulutsa kalata ya dokotala, ndinatulutsa setifiketi ya ukwati ya kutchalitchi. Anatchula POPIA, lamulo loteteza zinsinsi za anthu limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021, n'kundiuza kuti manja ake ndi omangika. Ndinalira pomwepo, anthu akuona.

Pambuyo pake ndi pamene ndinadziwa chimene chinachitika. Malipiro a bambo ataima, ndalama yobweza ngongole ya mwezi umenewo sinadulidwe, ndiye banki inaimitsa makhadi onse awiri. Ndinali ndi ndalama zosokera madiresi a ukwati wina, ndikanaponya tsiku lomwelo. Koma panalibe wondiuza, ndipo chiwongoladzanja chinkangokwera mwakachetechete. Wina kutchalitchi anandilangiza za power of attorney, pepala lopatsa wina mphamvu yokuchitira zinthu m'malo mwako, koma kuno pepala limenelo munthu amasaina mutu ukugwira, ndipo limatha mphamvu mwini wake akalephera kuganiza yekha kapena akamwalira. Njira yotsala inali yopempha kuti wina aikidwe mwalamulo kuyang'anira chuma cha wodwala, nkhani ya maloya imene ndalama zake tinalibe. Tinadikira mpaka September, bambo atayamba kulankhula pang'onopang'ono. Ndinawakankha pa njinga ya odwala mpaka mu banki, anasaina ndi dzanja lamanzere.

Kuchokera pamenepo ndinayamba kufunsafunsa za malamulo. Ngongole kuno zimayendera National Credit Act ya 2005, imene inayamba kugwira ntchito mokwanira mu June 2007, ndipo oyang'anira ake ndi National Credit Regulator. Lamulo limeneli ndi labwino kwa munthu amene banki inamupatsa ngongole. Iyeyo ali ndi ufulu wolandira sitetimenti, wotsutsa ndalama yolembedwa molakwika, wopempha debt review (kuti akonzenso kabwezedwe ka ngongole) zinthu zikathina, ndiponso wolandira kalata yochenjeza banki isanamutengere ku khoti. Zonsezi ndi za amene anasaina mgwirizano wa ngongole. Inu ndi ine tinangololedwa kugwiritsa ntchito ngongole ya wina. Mbali yabwino yake ndi yakuti ngongoleyo kawirikawiri si yanu, amene banki idzamulondole ndi mwini akaunti, ngakhale ogula munali inu. Zimasintha ngati munasaina kuti mudzalipira iye akalephera, kapena ngati munakwatirana kuno in community of property, chifukwa pamenepo lamulo la chuma cha m'banja la 1984 limaphatikiza chuma ndi ngongole zomwe. Amene tinakwatirana kumudzi tisamangoganiza kuti zimenezi zikutikhudza kapena ayi, tikafunse ku Legal Aid South Africa titanyamula setifiketi.

Ndimamvetsa chifukwa chake banki siululira aliyense za akaunti ya munthu. Alipo alamu ndi adzukulu amene anapatsidwa khadi loti agulire golosale n'kukalithera ku China Mall, mwini wake n'kutsala ndi ngongole ya zaka. Koma ine ndikuti pali cholakwika, ndipo sindibwerera m'mbuyo pa zimenezi. Banki inatenga pasipoti yanga, inadinda dzina langa pa khadi, imapindula nthawi iliyonse ndikagula, ndiye ikane kundiuza ngakhale chifukwa chimene khadi langa lomwelo laimira? Sindinkafuna kuona malipiro a bambo. Ndinkangofuna mawu amodzi oti pali ndalama yosalipidwa. Ndipo amene zimawagwera zimenezi ambiri ndife akazi, amene mapepala athu kapena ntchito zathu za m'manja sizitilola kutenga ngongole patokha.

Abambo anzathu a ku Malawi kuno, ndikunena ndi inunso. Kupereka khadi lachiwiri kwa mayi si kumaliza udindo. Ngati meseji iliyonse ya banki ikubwera pa foni yanu yokha, OTP (nambala yachinsinsi imene banki imatumiza potsimikiza kugula) pa foni yanu yokha, app pa foni yanu yokha, ndiye tsiku limene mudzakhale pa mzere wa mathiraki ku Kasumbalesa, pa malire a Zambia ndi Congo, netiweki palibe, kapena pabedi la chipatala, kunyumba kwanu moto wazima.

Ndikuganizanso za atsikana ndi anyamata athu ogwira ntchito m'nyumba ku Randburg ndi ku Sandton, amene abwana amawapatsa khadi logulira zam'khitchini. Sungani lisiti lililonse, lijambuleni pa foni tsiku lomwelo. Sitetimenti amaona ndi abwana okha, ndipo tsiku lodzasowa R500 mawu anu sadzamveka ngati mulibe pepala.

China chimene chinandipweteka mochedwa ndi ichi. Lamulo la National Credit Act lija limapatsa aliyense ufulu woona mbiri yake ya ngongole kwaulere kamodzi pachaka ku mabungwe ngati TransUnion ndi Experian. Mu 2023 ndinaitanitsa yanga, ndikuyembekeza kuti zaka zinayi zogwiritsa ntchito khadi mosamala zaoneka penapake. Munalibe kanthu. Zonse zinalembedwa pa dzina la bambo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo tsiku limenelo ndinaumva mwambiwo.

Ife tinachita mwayi, bambo anadzuka. Mnzanga wa ku Mangochi amene tinkakhala naye mpanda umodzi amuna ake anamwalira. Banki ikangodziwa za imfa imatseka akaunti, ndipo khadi lachiwiri limafera pomwepo. Iye asanadziwe zimenezi anagulira khadilo chakudya cha pamaliro, ndipo abale a malemu atafika anayamba kumufunsa ngati wakuba. Thupi linafunika kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, ndipo chinamupulumutsa ndi zopereka za gulu la maliro, osati banki. Chuma cha womwalira chimadutsa ku ofesi ya Master of the High Court. Chikakhala chosapitirira R250 000 amapereka kalata yotchedwa letter of authority, ndipo munthu amene ali ndi kalata imeneyo ndi amene banki imalankhula naye. Pamenepo mufunsenso ngati pa akauntiyo panali inshuwalansi ya ngongole, chifukwa ikakhalapo imatha kutseka ngongole yotsala.

Tsono za R2 800 yanu

Lero lomwe, imbani nambala ili kuseri kwa khadi munene kuti pachitika zachinyengo, aliimitse. Zimenezi amalola kawirikawiri ngakhale kwa inu, chifukwa kuimitsa khadi sikuulula chinsinsi cha munthu. Lembani tsiku, ndalama ndi dzina la shopu limene likuoneka. Kutsutsa ndalamayo kukufunika amuna anu, ndipo musadikire kuti abwere kuchokera ku Congo, chifukwa madandaulo odutsa ku Visa kapena Mastercard ali ndi nthawi yake, ikadutsa yadutsa. Akapeza netiweki alowe pa app kapena aimbe, atenge nambala ya dandaulo akutumizireni. Afunseninso ngati panalowa OTP pa foni yawo tsiku limenelo, funso limeneli banki idzawafunsa.

Yankho la banki likapanda kukukhutiritsani, pali National Financial Ombud Scheme, ofesi yomva madandaulo a anthu, imene inayamba mu March 2024 ataphatikiza Ombudsman for Banking Services, Credit Ombud ndi maofesi awiri a inshuwalansi. Ndi yaulere, koma amafuna muyambe mwadandaula ku banki, ndipo dandaulo lipite m'dzina la mwini akaunti kapena ndi chilolezo chawo cholemba.

Akabwera, pitani limodzi ku banki. Funsani ngati angalembe chilolezo choti inu muziuzidwa za khadi lanu, mameseji a khadi lanu azibwera pa nambala yanu, ndipo muone zimenezo zitalembedwa musanatuluke. Mabanki amasiyana pa zimene amalola, ndiye musachoke ndi mawu apakamwa.

Ufulu umodzi umene muli nawo panokha ndi wa katundu amene mwagula. Consumer Protection Act ya 2008 imati chinthu chikapezeka ndi vuto pasanathe miyezi 6, mungasankhe kuti achikonze, akusinthireni kapena akubwezereni ndalama, posatengera kuti akaunti ndi ya ndani. Kungoti ndalama yobwezedwayo imabwerera pa khadi lomwelo.

Khadi langa lachiwiri ndikadali nalo, ndimagulirabe golosale. Koma mu October 2022 ndinatsegula akaunti yangayanga ndi R200, ndipo ndalama zosokera zimalowa kumeneko. Bambo pano akuyenda ndi ndodo, ndipo nambala ya foni yawo ndimaidziwa, iwonso amadziwa yanga. Mukalankhula ndi amuna anu mundilemberenso, ndikufuna kumva ngati OTP ija inalowa.