Pafyumu wa bambo a kunyumba wandiyambanitsa ndi mlamu

Azakhali,

Amuna anga akukwanitsa zaka 40 mwezi wa mawa. Ndakhala ndikusunga kangachepe ku banki m'khonde kuti ndiwagulire pafyumu weniweni. Ndaima pa awiri, Bleu de Chanel ndi Terre d'Hermès, ndipo mtima wanga uli pa wachiwiriyu. Koma mlamu wanga, mchemwali wawo, akuti ameneyo ndi wa madala, komanso mchimwene wake amamudziwa ndi iyeyo. Pano tikungopatsana moni wa pakamwa. Nditani?

Mayi wa ku Chilomoni

Mwana wanga,

Mlamu wakoyo anakula nawo amuna akowo, nzoona, koma amene amagona pambali pawo ndiwe. Fungo limeneli lidzakhala pa pilo wako, pa malaya amene umachapa ndi manja ako. Mawu ako ndiye oyamba.

Onse awiriwa ndi a fungo la mitengo, koma amasiyana. Bleu de Chanel, amene anatuluka mu 2010, amayamba ndi kafungo kozizira ka zipatso za mtundu wa mandimu, kenako nkukhazikika ngati bokosi la mkungudza longotsegulidwa kumene. Ndi wofatsa, wolowa naye ku ofesi ngakhale ku tchalitchi. Terre d'Hermès wa mu 2006 ndi wouma: lalanje, tsabola, ndi mizu ya vetiva, udzu womwe uja alimi amadzala pa akalozera. Ine amandikumbutsa dothi la mvula yoyamba. Wa madala? Ayi ndithu. Bambo wa zaka 40 amamukhala bwino kwambiri.

Komabe usagule chifukwa cha kapepala kamene amakununkhitsa m'sitolo. Pafyumu amasintha akakumana ndi thukuta la munthu, makamaka kutentha kwa Blantyre mu Okutobala. Atenge bambowo Loweruka, awapopere wina pa mkono wamanja, wina wamanzere. Mukwere minibasi, mudye nkhomaliro, papite maola anayi, kenako ununkhize mikono yonse iwiri. Afunsenso eniake, pakuti ovala ndi iwowo. Ndipo samala, achinyengo achuluka m'tauni muno. Mtengo ukatsika modabwitsa, bweza ndalama m'chikwama.

Za mlamuyo zikundiwawa, chifukwa botolo limatha koma iye adzakhalapobe pa maliro ndi pa maukwati. Usadikire kuti ayambe ndiye. Muimbire lero, umuuze kuti, "Alamu, pafyumu tikasankha ndi achimwene anu, koma keke ya tsikulo ndasiyira inu."

Azakhali