Mahedi a 220cc pa 350 yoyendera mtauni? Dikirani kaye achimwene

Imelo iyi yachokera kwa m'bale wathu wina wa ku Rosettenville kuno ku Joni, ndipo poti funso lomweli limabwerabwera ndati bola ndiliyankhire pano aliyense aone. Akuti:

"Achimwene, ndili ndi Chevy C10 ya injini ya 350, kamu yake lift ndi 0.480, kabuleta Holley 650, mahedi akadali achitsulo akalekale aja. Ndasunga kangachepe ndikufuna kuitanitsa mahedi a aluminiyamu ku America. Ndapeza awiri, ena 195cc ena 220cc, a 220 alemba kuti amakoka 310 cfm pa lift ya 0.700 pomwe a 195 ndi 280 basi, mtengo sukusiyana kwenikweni. Si bola ndingotenga aakuluwo? Galimotoyi ndimayendera mtauni, mwa apo ndi apo ndimakaiyesa pa bwalo la mpikisano wa magalimoto ku Tarlton."

Achimwene, tengani a 195, olo a 180 akanakukwanirani bwinobwino. Kwa amene simuzidziwa, hedi ndi chivindikiro cha pamwamba pa masilinda, ma cc amenewa ndi kukula kwa poti, kanjira kolowera mpweya mu hedi, ndipo lift ndi kutalika komwe kamu imatsegulira valavu, mu mainchesi. A 220 aja asiyireni anthu a injini yaikulu ya 400 kapena 383 yolusa yokhala ndi kamu yaikulu. Ndikudziwa mtima ukukana chifukwa 310 ndi wamkulu kuposa 280 ngakhale mwana wa sitandade 2 akudziwa, ndiye tiyeni tione komwe nambala imeneyo imachokera.

Cfm ndi kuchuluka kwa mpweya womwe ukudutsa mu poti pa mphindi imodzi, ndipo amayeza pa chimakina chotchedwa flow bench, ambiri amagwiritsa ntchito za SuperFlow. Amamangirira hedi pamwamba pa silinda yapulasitiki, kuchotsa sipuling'i yolimba ija nkuikapo yofewa, kenako bawuti imakankha valavu pang'onopang'ono geji ikuwerenga, 0.100, 0.200, 0.300 mpaka kumtunda, uku chimakina chikuyamwa mpweya mwamphamvu yofanana nthawi zonse. Mphamvu yoyamwayo amaiyeza ndi madzi a mu chubu, ndipo muyezo womwe ambiri anagwirizana ndi mainchesi 28. Apa ndi pomwe pali msampha woyamba. Hedi yomweyomweyo yomwe yapereka 250 cfm pa 28, mukaiyeza pa 25 ipereka cha m'ma 236, pa 10 ingopereka pafupifupi 150. Ndiye ogulitsa akangolemba nambala osanena kuti anayeza pa mainchesi angati, nambalayo ilibe ntchito. Komanso silinda yapulasitiki ija kukula kwake kumasintha zinthu, akayezera pa bore (kutambalala kwa silinda) ya mainchesi 4.155 valavu imakhala patali ndi khoma mpweya nkumadutsa momasuka, pomwe yanu ndi 4.000 kapena 4.030 ngati inaboledwapo, khoma lili pafupi likutchinga mbali imodzi ya valavu. Ku ekizozi nako ena amaikako kapaipi poyeza ena saika, nambala nkusiyana. Olo ma bench awiri a kampani imodzi amatha kusemphana pang'ono. Nchifukwa chake nambala ya kampani ya AFR kuiyerekeza ndi ya Brodix kapena Dart kapena Trick Flow kuchokera pa mapepala awo otsatsira malonda ine ndimaitenga ngati poyambira chabe.

Tsono nkhani yaikulu ndi iyi, ndipo apa ndichedwapo. Mwanena nokha kuti 310 ija ndi pa lift ya 0.700. Kamu yanu imathera pa 0.480, ndiye kuti mamilimita 12 ndi pang'ono, pomwe 0.700 ndi pafupifupi mamilimita 18. Valavu yanu sidzafikako kumeneko olo tsiku limodzi. Mukulipira mpweya womwe injini yanu sidzauona. Ndipo olo pa 0.480 pomwepo valavu imangofikapo kamodzi kanthawi kochepa nkubwerera, pomwe pa 0.200, 0.300 ndi 0.400 imadutsapo kawiri, popita ndi pobwera. Ndiye mukatsegula tebulo la ogulitsa lija, bisani ndi chala mizere ya pansi yonse kuyambira 0.500, yang'anani yapakatiyo. Nthawi zambiri mupeza kuti hedi yaing'ono ndi yaikulu zikungosiyana pang'ono pa 0.300 ndi 0.400, mwinanso yaing'onoyo ikutsogola, yaikuluyo imayamba kuthawa kumtunda komwe inu kulibe.

Pali kasamu kena kosavuta. Lift ikafika pa kota ya kukula kwa valavu, mpata wozungulira valavu umafanana ndi kukula kwa valavuyo. Valavu ya 2.02 kota yake ndi 0.505. Pansi pa pamenepo chomwe chikulamula ndi valavu ndi mpando wake, mmene anadulira ma engo aja 30, 45, 60, ndi kakhonde kapansi pa mpandowo. Pamwamba pake mpomwe kukula kwa poti kumayamba kulankhula kwambiri. Inu moyo wanu wonse muli pansi pa 0.505, ndiye valve job yabwino ikupindulirani kuposa ma cc 25 owonjezerawo. Mukagwira hedi, lowetsani chala mu poti ya inlet kuchokera ku mpando wa valavu, mumve pansi pomwe poti ikukhota kulowa ku valavu. Pakhale posalala pokhota mofatsa. Chala chikakodwa pa kamzere kakuthwa pomwe mpando wakumana ndi aluminiyamu, mpweya nawonso ukukodwa pomwepo, umasiya khoma nkuyamba chipwirikiti. Mahedi otchipa opanda dzina omwe adzadza pa intaneti aja vuto lawo limakhala pamenepa, kunja kunyezimira bwino koma mkati ntchito yosamaliza, ndipo pomwe muzimaliza kulipira wa makina kuti akonze mipando ndi ma guide mtengo wafanana ndi wa dzina uja.

Chachiwiri ndi liwiro la mpweya. Amene anagwirako pa carwash akudziwa, paipi yomweyo madzi omwewo, ukatsina kumapeto madzi amathamanga mpaka kuchotsa matope, ukaisiya pululu amangoyenderera. Injini ya 350 pa 2,500 rpm imayamwa mpweya wochuluka mwakutimwakuti, kaya poti ndi yaikulu kaya yaing'ono. Mu poti ya 180 kapena 195 mpweyawo umathamanga, petulo imakhala yosakanikirana bwino, ndipo chofunika kwambiri nchakuti pisitoni ikafika pansi nkuyamba kukwera valavu ya inlet imakhala isanatseke, mpweya wothamanga umapitirizabe kudzikankhira mkati ndi liwiro lakelo. Mu poti yaikulu mpweya umayenda mwaulesi, pisitoni ikangotembenuka imaubweza ku manifold, petulo ina nkumagwera pansi pa poti, kabuleta nayo osamva kukoka bwino. Zotsatira zake mumaziona pa loboti, mwaponda galimoto ikuganiza kaye, Polo yakusiyani, mphamvu zikudzabwera pa 4,500 pomwe kamu yanu yatsala pang'ono kutopa. Ndipo C10 ndi chigalimoto cholemera, chimafuna torque ya pansi, mphamvu yokoka injini ikuzungulira pang'onopang'ono, kuti chinyamuke, makamaka ngati giya ndi ya otomatiki yokhala ndi converter ya fakitale.

Mwina mukuopa kuti 195 ikuchepera. Pali lamulo lachidule lomwe omanga injini amagwiritsa ntchito, cfm ya pa 28 kuchulukitsa ndi 0.257 kuchulukitsanso ndi masilinda, pa V8 ndiye kuti mahatchi awiri ndi kapang'ono pa cfm iliyonse. Tinene kuti hedi yanu ikupereka 250 pa lift yanuyo, imeneyo ikhoza kudyetsa mahatchi opitirira 500, cha m'ma 380 kW, zina zonse zitakhala za mpikisano. 350 ya kamu ya 0.480 ndi Holley 650 siyandikirako nkomwe kumeneko. Ndiye hedi sikhala yokutsekerezani, kamu ndi manifold ndi zomwe ziyambe kutha mpweya.

Tsopano za kuno ku Joni zomwe mapepala a ku America sakuuzani. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya kuno ndi wopepuka, presha yake ili cha m'ma 82 kPa pomwe ku Durban ndi 101. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi 17 peresenti ya mphamvu zake. Hedi imakokabe ma cfm omwewo koma mu cfm iliyonse muli okosijeni wochepa, ndipo palibe poti yaikulu yomwe ingabweze zimenezo, zimenezo ndi ntchito ya turbo, blower kapena nitrous. Injini yomwe ku gombe ikanapereka 400 kuno ikupatsani cha m'ma 330. Ndiye torque ya pansi yomwe yachepa kale chifukwa cha phiri, inu nkudzaichepetsanso ndi poti yaulesi, aaa ayi. Pa nkhani yomweyi, mukapita pa dyno, makina oyezera mphamvu ya galimoto, funsani ngati nambala akukupatsaniyo ndi yomwe mateyala atulutsa kunoko kapena aikonza kuti ifanane ndi ya ku gombe, chifukwa mikangano yambiri ya Loweruka pa braai imachokera pamenepa, wina akunena ya kuno kumtunda wina yokonzedwa.

Chomwe ine ndingayang'ane kuposa cfm ndi kukula kwa chamber, kamphako ka mu hedi momwe petulo imayakira. Ngati mahedi anu akalewo ndi a m'ma 1970 a 76cc aja, kupita pa 64cc kukweza compression, kapanikizidwe ka mpweya mu silinda, ndi pafupifupi 1, mwachitsanzo kuchoka pa 8.5 kufika 9.5 kapena 9.6, ndipo kuno kumtunda zimenezo mumazimva pa phazi kuyambira pansi mpaka pamwamba. Mpweya wopepuka umalola compression yokwererapo, aluminiyamu nayo imataya kutentha msanga ndiye sigogoda msanga ngati chitsulo. Koma muzithira 95 osati 93, ndipo tsiku lomwe mudzatsetsereke pa N3 kupita ku Durban mu Disembala mudzabweze timing pang'ono ndi kuonanso ma jet, poti kabuleta yomwe yatyunidwa kuno ikafika kunyanja imakhala ndi njala ya petulo. Za kupita nayo kumudzi kudzera ku Tete kotentha kuja sindikunena nkomwe, ndalama ya petulo yokha mutha kumangira nayo khitchini kkkk.

Ku ekizozi musavutike nako kwambiri, ikamapereka cha m'ma 75 peresenti ya inlet zili bwino, ikachepera pamenepo kamu yokhala ndi duration (nthawi yomwe valavu imakhala yotseguka) yochulukirapo ku ekizozi imathandiza. Koma mahedi abwino pa manifold achitsulo a fakitale ndi paipi imodzi yopyapyala ndi kutaya ndalama, ma branch, mapaipi a ekizozi aja silinda iliyonse yakeyake, ayambe alowa.

Ndikanakhala inu ndikanaganizirakonso mahedi a Vortec omwe GM inayamba kuika pa magalimoto ake a katundu mu 1996. Ndi achitsulo, chamber 64cc, valavu ya 1.94 chabe, poti yaing'ono ya 170cc, koma pa lift yapakati amachititsa manyazi mahedi ambiri akale, umboni woti kaumbidwe ka poti kamaposa kukula. Vuto lake amafuna manifold yakeyake ya mabawuti 8, ma cover a mabawuti apakati, ndipo lift ikadutsa 0.450 muyambe mwayeza mpata wa retainer ndi seal, ndiye ndi kamu yanuyo pafunika ntchito pang'ono. Chitsulo nacho kulemera, wa ndege akulipiritsani. A Lumina SS ya 5.7 omwe mukuwerenga nawo, inunso nkhani ndi yomweyi mwa mtundu wina, mahedi a injini ya LS3 amakoka kopitirira 300 koma valavu yake ya 2.165 imafuna bore ya 4.000 kupita mtsogolo, LS1 yanu ndi 3.898, salowa.

Pa bajeti musawerenge mtengo wa pa webusaiti wokha. Pali wonyamula, pali kasitomu ndi VAT ya 15 peresenti, kenako magasiketi, mabawuti a hedi okhala ndi mawashala poti aluminiyamu ndi yofewa, mapulagi aatali ulusi, mwinanso ma pushrod ena chifukwa kutalika kumasintha. Poitanitsa nenani kuti kamu yanu ndi flat tappet kapena roller, masipuling'i a roller ndi olimba kwambiri, pa flat tappet amadya kamu mpaka kusalala ndipo zitsulo zake zimathera mu oyilo. Onaninso ngati mapulagi ndi owongoka kapena opendekeka, ena amagundana ndi ma branch. Ndipo musanamange komaliza, ikani kadongo ka ana kaja pamutu pa pisitoni, mangani hedi, zungulitsani injini ndi dzanja kawiri, masulani mudule dongolo ndi lezala muyeze pomwe valavu yadinda. Pakhale osachepera 0.080 ku inlet ndi 0.100 ku ekizozi, chifukwa valavu ya 2.02 kapena 2.05 ndi yotambalala kuposa yomwe mapisitoni anu anazolowera.

Alembereni ogulitsawo akutumizireni tebulo lonse la mahedi onse awiri kuyambira 0.200 mpaka 0.500, anene kuti ndi pa mainchesi angati komanso pa bore yanji. Mukalilandira nditumizireni limodzi ndi khadi la kamu yanu ndi nambala yomwe ili pa mahedi akalewo pansi pa cover, tione ngati 180 kapena 195, komanso chamber ya 64 kapena yokulirapo.