Funsani Wamapulani: Madzi a padenga panu akupita kwa yani?

FUNSO: Zikomo bambo wamapulani. Ine ndine mphunzitsi, ndipo ndagula puloti ku Area 49, chakumunsi kufupi ndi dambo. Ndalama zake ndasunga zaka zisanu ku banki mkhonde. Bilidala wanga akuti ndisataye ndalama kwa wojambula mapulani, iye ali nayo kale pulani ya nyumba imene anamanga kwina, tingokopera. Akuti tithire dothi malole angapo, timange mpanda, pabwalo ponse tiike simenti kuti pasamachite matope. Koma pa wailesi ndimamva kuti anthu a ntchito yanu angathandize mzinda wathu wa Lilongwe kupirira kusintha kwa nyengo. Kanyumba kanga kamodzi kakukhudzana bwanji ndi mzinda wonse? Ndine mayi wa ana atatu, ku Kawale.

YANKHO: Mayi, musathire kaye dothi ngakhale wilibala imodzi. Dikirani mvula. Tsiku limene yagwa yamphamvu, tengani ambulera, mukaime pa pulotipo mpaka ikate. Muone kumene madzi akuchokera, kumene akulowera, ndi pamene akudikha. Mukatero mufufuze agogo amene akhalitsa m'deralo, muwafunse kuti madzi anafika pati mu 2017, chaka chimene mtsinje wa Lingadzi unasefukira n'kulowa m'nyumba za anthu ku Mtandire ndi ku Area 47. Akakulozerani pa mtengo kapena pa khoma la munthu. Ine sindigwira pensulo ndisanaone chizindikiro chimenecho.

Muonenso zomera. Ngati pali mlulu kapena bango, ndipo dothi lake ndi lamakande, lakuda, long'aluka mu Okutobala, ndiye kuti mwagula dambo lenileni. Makande amafufuma akamwa madzi, n'kunyala akauma, ndipo maziko amavina nawo chaka ndi chaka mpaka khoma kung'aluka kuchokera pa windo kufika pansi. Pamenepo ndikuuzani mosapsatira: pitani ku khonsolo ya mzinda mukafunse ngati malowo ndi ololedwa kumangapo, musanagule thumba la simenti. Kuluza ndalama ya puloti n'kowawa, koma n'kwabwinoko kusiyana ndi kuluza puloti ndi nyumba yomwe.

Za simenti ya pabwalo, ndikufotokozereni manyazi anga. Ndili mnyamata pa ntchitoyi ndinajambula nyumba ya bwana wina pamalo otsetsereka. Anafuna bwalo loyera ngati mbale, lopanda kaudzu, ndipo ine ndinavomera, poti ndimafuna dzina. Pansi pa mpanda tinasiya kabowo kamodzi kotulutsira madzi. Mvula yoyamba ya Disembala, kabowoko kanasanduka mpopi wa ozimitsa moto, kulunjika pa nyumba ya zidina ya mayi wina wogulitsa mandasi kuseri kwa mpandawo. Nditafika m'mawa ndinapeza khoma la kukhitchini lagona pansi, ufa wasanduka phala, mayiwo akuyanika makope a ana pa malata. Sanandilalatire. Anangondifunsa kuti, “Achimwene, madzi onsewa kale ankapita kuti?” Ndinasowa chonena. Pa pulani yanga panalibe mzere ngakhale umodzi wopitirira mpanda.

Tiwerengere limodzi, poti ndinu aphunzitsi. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi ya madzi. Denga la masikweya mita 100, mvula ya mamilimita 30, ndi malita 3,000. Amenewo ndi madiramu 15 a malita 200, tsiku limodzi, denga lokha. Muonjezere bwalo la simenti, muchulukitse ndi nyumba zonse za mumzere mwanu. Madzi amene nthaka ikanamwa pang'onopang'ono amathamangira mu ngalande nthawi imodzi, ngalande yodzaza kale ndi majumbo, kenako mu Lingadzi, kenako m'chipinda cha munthu wa kumunsi. Ndi mmene kanyumba kanu kamakhudzira mzinda.

Amene anakonza Lilongwe, pomwe inkakhala likulu mu 1975, anasiya dala malo a mitengo m'mbali mwa mitsinje. Nkhalango ya Nature Sanctuary, pakati pa Old Town ndi City Centre, ndi chotsalira cha maganizo amenewo. Pofika kalembera wa 2018 tinali anthu pafupifupi 990,000 mumzinda muno, ndipo aliyense akufuna pogona. Nyumba zambiri zikumangidwa popanda wamapulani kupondapo phazi, ndipo mlandu wina ndi wathu: tinazolowera kwa olemera ku Area 10 ndi Area 43, ndi kujambula maofesi a magalasi okhaokha amene sungakhalemo popanda makina oziziritsa. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi ku Kapichira mu Januwale 2022, ena a ife tinaphunzira mwa thukuta kuti nyumba yodalira switchi si nyumba yopirira.

Tsono ngati malo anu apezeka kuti ndi abwino, nazi zimene ndingachite. Pansi pa nyumba pakwere kuposa pamene agogo aja analoza. Simenti ikhale pongoyenda ndi poimika galimoto. Kwinako kapinga, dimba la masamba, ndi dzenje lodzaza miyala lomwetsa madzi, kutali ndi maziko ndi chimbudzi. M'mbali mwa mpanda mudzale vetiva. Padenga muike magatala olowera mu thanki, ngakhale muyambe ndi madiramu awiri. Tsiku limene pampopi pauma mudzachapira madzi omwewo.

Pulani yokopera ija vuto lake n'lakuti sidziwa kumene dzuwa limalowera pa puloti yanu. Makoma aatali ndi mawindo aakulu ayang'ane kumpoto ndi kummwera. Kumadzulo kukhale timawindo tating'ono, kapena bafa ndi sitolo, chifukwa dzuwa la masana mu Okutobala limaphika chipinda mpaka pakati pa usiku. Mawindo ayang'anizane kuti mphepo idutse. Ndipo chonde bwezerani khonde. Masiku ano anthu akukonda denga lobisika kuseri kwa khoma, ati ndiye chizungu, koma makolo athu sanali opusa potulutsa denga kunja: limatchinga dzuwa, limatchinganso mvula kuti isamenye khoma. Ngati pa puloti pali mtengo wa mango, nyumba ndiyo isunthe.

Bilidala wanu musamuchotse ntchito, manja ake mukuwafuna. Koma pezani wamapulani wolembetsedwa ku Board of Architects and Quantity Surveyors, mumuuze poyera kukula kwa thumba lanu. Ambiri timavomera kubwera kudzaona malo ndi kukonza pulani ya nyumba yaing'ono pamtengo wokambirana. Akakana kufika pa puloti, n'kumati mungomutumizira miyeso pa WhatsApp, musiyeni.

FUNSO: Bambo, njerwa zowotcha n'zotchipa kusiyana ndi mabuloko. Bwanji mumazinyoza? Ndine mnyamata wa ku Chinsapo.

YANKHO: Achimwene, sindizinyoza, nyumba imene ndinabadwiramo ndi ya njerwa zomwezo. Koma uvuni umadya mitengo yaikuluikulu, ndipo kumene aumba kumatsala maenje oswera udzudzu. Mtsinje wa Lilongwe, umene umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, umachokera m'nkhalango ya Dzalanyama, imene makala ndi nkhuni zaimeta kale. N'chifukwa chake malamulo a 2018 analetsa njerwa zowotcha pa zomanga za boma, za mabungwe ndi zamalonda.

Poyerekeza mtengo musawerenge njerwa imodzi ndi buloko imodzi. Werengani khoma lathunthu: zosweka potsitsa pa lole, matope omangira, ndi pulasitala wokhuthala wobisa kupindika kwake. Simenti nayo si mngelo, ndi yodula ndipo fakitale yake imatulutsa utsi. Ine ndimakonda njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zopanikiza pa makina, zimene amazitcha SSB. Siziwotchedwa, mumangozifunditsa ndi kumazithirira madzi mpaka zikhwime. Koma dothi liyesedwe kaye, makande salola. Umbani zochepa zoyesera, zikakhwima mumize imodzi mu ndowa usiku wonse, m'mawa muikande ndi msomali kuti muone ngati ndi yolimba.