Mukufuna kugulitsa nyumba kuti mugule motorhome? Dikirani kaye mayi

Mayi wina wandilembera imelo, akuti akupuma pa ntchito chaka chamawa kuno ku America ndipo iwo ndi bambo a kunyumba akufuna agulitse nyumba, agule motorhome (galimoto yokhala ndi pogona, khitchini ndi chimbudzi mkati) azizungulira m'chipululu cha ku Arizona, Utah ndi Nevada, koma abale akuti apenga. Akufunsa ngati n'zanzeru.

Mayi, za abalezo ndiye mwandigwira pabala. Ifenso titangonena kuti tikupita kuchipululu gulu la WhatsApp la kwathu linawira, alamu anga mpaka voice note yaitali, akuti munthu wagwira ntchito zaka zonsezi m'malo mokamanga ku Area 49 ukukagona m'galimoto ngati dalaivala wa thiraki ya ku Beira. Koma ine ndatembenuza odwala usiku mpaka msana kuuma, fizi ya ana a eni ake ndalipira, pamaliro ndatumiza, ndiye nditi ndikaone Grand Canyon ndi maso angawa ikhale nkhani? Ayi ndithu. Ndipo amene amalalata kwambiri ndi omwe aja amaimba kumapeto kwa mwezi.

Ku Quartzsite ndi komwe ndinatsimikiza kuti sitinapenge. Ndi katauni kakang'ono ku Arizona koma mu January kumadzaza ma RV (ma motorhome ndi makalavani) masauzande, agogo okhaokha othawa chisanu cha kumpoto, masola padenga, timipando panja. Malo ambiri ndi a boma, a nthambi yoyang'anira malo ya BLM, umakhala ulere mpaka masiku 14, kapena kugula chiphaso cha ku La Posa, malo oimikapo nthawi yaitali pafupi ndi tauniyi, chomwe chimayenda kuyambira 15 September mpaka 15 April. Ena amatsikira ku Yuma n'kuwoloka wapansi kupita ku Los Algodones ku Mexico kukakonzetsa mano, poti Medicare, inshulansi ya boma ya zaumoyo ya okalamba, zambiri za mano siilipira, nkhani ina yondikwiyitsa imeneyo.

Koma zomwe sakuonetsani pa YouTube ndi thanki ya chimbudzi. Umavala magolovesi, kulumikiza chipaipi pa dzenje, kukoka chotsegulira n'kuimirira pomwepo anthu ali pamzere kukudikira, ndipo banja lomwe silinagwirizane kuti ntchitoyi ndi ya ndani lidzayambana, ndikulumbira. Kusamba nako ndi kunyowetsa thupi, kutseka mpopi, sopo, kutsegulanso pang'ono basi. Mafuta ndiye osanena, chimagalimoto chachikulu chimatha lita pa makilomita atatu kapena anayi okha.

Za nyengo

Musaseweretse moyo m'chilimwe. Ku Death Valley ku California kunatentha madigiri 56.7 mu 1913, ndipo mu 2023 Phoenix, likulu la Arizona, inatha masiku 31 otsatizana ikufika 43 kapena kuposa. Kuyambira July mpaka September kumagwa mvula yadzidzidzi, kakhwawa kouma kamasefukira ngakhale pamene muli inu sipanadonthe, musaimike m'menemo. Komanso chipululu si chotentha paliponse, mzinda wa Flagstaff ku Arizona uli mamita pafupifupi 2,100 m'mwamba ndipo chisanu chake chimaphulitsa mapaipi.

Ndiye yankho langa mayi, nyumba musagulitse. Motorhome imatsika mtengo chaka ndi chaka, ndipo bondo likadzavuta mudzafuna khomo lopanda masitepe. Chitani renti yaing'ono mwezi umodzi pakati pa November ndi March, muone ngati inu ndi bambo mukupirirana mopanikizana chonchi. Ngati mwakwanitsa zaka 62 ndipo ndinu nzika kapena muli ndi green card, gulani Senior Pass yolowera m'mapaki a boma. Abale auzeni mutafika kale.